Mmodzi pa Anthu Zana

Loweruka m'mawa Mayi anali atagwada pakhonde la m'mwamba, akupisa m'matumba a zovala asanaziviike m'beseni, pamene amuna awo, wokonza mafoni m'kashopu ka pansi pa nyumbayo, anakwera masitepe awiriawiri atanyamula nyuzipepala. Kumunsi kunkamveka kulira kwa mashini a wometa, yemwe khomo lake linagundizana ndi la kashopuko.

"Mwabwera nthawi yabwino," anatero Mayi osadzutsa mutu. "Vulani jasilo ndichape. Lakwanitsa milungu itatu lisanaone madzi."

"Jasi lidikire. Atinamizira, mayi a mwana. Atinamizira m'nyuzipepala."

"Ifeyo? Alemba dzina?"

"Alemba Ambulera."

Ambulera inali sisitimu ya mafoni awo awiri, chija cha mkati chimene chimauza foni kuti ilire, ijambule kapena itumize uthenga. Anthu ankaitchula choncho chifukwa foni ikamayaka pankaoneka kaambulera kotambasula. Mafoni ena onse a mumsewuwo ankayendera Gudumu kapena Nyenyezi.

Mayi anakweza sokosi imodzi yakuda. "Inzake ya iyi ili kuti? Ndaifunafuna mwezi wonse."

"Mukundifunsa za sokosi dziko likutha? Tamverani." Bambo anatambasula nyuzipepala ija. "Akuti pa anthu 100 alionse okhala ndi foni, 70 ndi a Gudumu, 29 ndi a Nyenyezi, ndipo wa Ambulera ndi mmodzi. Mmodzi. Mwamva?"

"Anthu zana amenewa anawapeza kuti?"

"Alionse."

"Anali pamzere?"

"Si anthu oti mungawaloze ndi chala. Ndi chiwerengero chabe."

"Ngati si anthu enieni, mwakwiyiranji?"

"Ndi enieni."

"Ndiye angalozedwe."

Bambo anapumira m'mwamba, n'kutsitsa chala kumunsi kwa tsambalo. "Ndipo apa awonjezera mwano. Akuti pulogalamu yotumizirana mauthenga isiya kugwira pa Ambulera mwezi uno ukatha. Akuti sangamavutike chifukwa cha munthu mmodzi."

Mayi anaika sokosi ija pansi. "Ija imene mwana amanditumizira mawu?"

"Yomweyo."

Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anali namwino kudziko lakutali, ndipo anali atabereka mwezi wathawo. Foni ya Mayi inkalandira mawu okha. Zithunzi zinkafika ngati kabokosi kotuwa, ndipo kuyimbirana koonana nkhope sikunkatheka. Mdzukulu wawo Mayi ankamudziwira kulira, komanso pachithunzi chimodzi cha papepala chimene Bambo anabwera nacho mu envulopu. Ankachisunga m'buku la nyimbo.

"Ndiye atsala masiku asanu ndi atatu," anatero Mayi.

"Akungoopseza. Ndiwalembera kalata."

"Ija munawalembera chaka chatha anayankha?"

"Akuilingalirabe. Ndi kalata yozama." Bambo anapinda nyuzipepala. "Chiwerengero chawochi n'chabodza, ndipo ndikuonetsani pompano. M'nyumba muno tilimo angati?"

"Awiri."

"A Ambulera angati?"

"Awiri."

"Basi. Zana pa zana."

"Sitili zana. Tili awiri."

"Ndikunena kuti tikanakhala zana."

"Tikanagona pati?"

"Mayi a mwana, ndi chitsanzo."

"Ayi, ngati ndi zana tiwerenge zana lenileni, tisanamizire a nyuzipepala nawonso." Mayi anapukuta manja pa epuloni n'kuyamba kupinda zala. Anawerenga a m'nyumba yonseyo kuyambira pansi mpaka m'mwamba, n'kuchotsapo wakhanda wa a telala chifukwa analibe foni. Anawerenga a kwaya. Anawerenga a m'mashopu a mumsewuwo, ndi wometa yemwe.

"Wometa musamuwerenge," anatero Bambo.

"Ali ndi foni."

"Alibe khalidwe."

"Nyuzipepala yafunsa za foni." Mayi anapitiriza. "Abale anu akwana khumi ndi anayi, ndipo ndangowerenga amene amafika nthawi ya chakudya. Anga asanu ndi mmodzi. Lakwana zana." Anatola zopanira zovala ziwiri m'dengu n'kuzipanira pawaya moyandikana. "A Ambulera ndi awa. Uyu ndinu, uyu ndine."

Bambo anawomba m'manja kamodzi. "Awiri. Mwaona? Kuwirikiza kawiri zimene alembazi. Kalata ija ndiyambire pomwepa."

"Koma iwo ati mmodzi."

"Ndi bodza lakelo."

"Kapena mmodzi wa ife sanamuwerenge." Mayi anayang'ana zopanira zija. "Awerenga ndani, inu kapena ine?"

"Funso lake limenelo? Ine."

"Mwadziwa bwanji?"

"Anabweretsa Ambulera mumsewu muno ndani? Anapachika chikwangwani chake pashopu ndani? Amadziwa kuitsegula osathyola chivundikiro ndani? Kampani ikamalota, imalota ine."

"Chabwino. Ndiye ine sindilimo."

"Eya, pepani, koma ndi momwe ziliri."

"Palibe chopepesa. Ndiye kuti ndikagula foni ya Gudumu, mmodzi uja adzakhalabe mmodzi. Kampani sidzadziwa n'komwe."

Bambo anayang'ana zopanira ziwiri zija. Kumunsi mashini a wometa ankangolira.

"Ayi," anatero pamapeto pake. "Mulimo."

"Mwangonena kuti awerenga inu."

"Awerenga tonse, koma m'mazana osiyana. Ine ndili ndi zana langa, inu muli ndi lanu."

Mayi anasuntha chopanira chimodzi mpaka kumapeto kwa waya.

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri tili pabulangete limodzi, lero mwandiika m'zana lina."

"Sindinakuikeni ine. Ndi masamu."

"Abale anu mutenge, apite m'zana lanu. Nanga mwana ali m'liti?"

"Mwana ndi wa Gudumu. Ali mwa ambiri aja."

"A zana langa kapena lanu?"

"Lililonse."

"Mwana wanga si wa lililonse."

"Chabwino, ali m'lanu."

"Mwamutaya msanga chonchi?"

"Ali m'langa ndiye."

"Mwandilanda."

Bambo anakhala pachidebe chovundikira n'kudzikupiza ndi nyuzipepala. Mayi anatambasula dzanja kuti alandire jasi. Bambo anamanga batani lina.

"Tisazungulire," anatero Mayi. "Nkhani apa si kampani. Nkhani ndi ndevu."

Dzanja la Bambo linapita lokha pachibwano. Ndevuzo zinali zakuda kumbali, zotuwa pakati, ndipo ankazipesa kawiri patsiku.

"Ndevu zalowapo bwanji?"

"Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo munaima pakhomo la wometa mutakwera pakireti."

"Sindinakwere. Ndinangopondapo mwendo umodzi."

"Munalumbira msewu wonse ukumva kuti tsiku limene foni ya Gudumu idzalowe m'nyumba mwanu, akumeteni ndevu ndi nsidze zomwe."

"Nsidze sindinatchule."

"Munatchula. Ndinali pompano, ndikuyanika jasi lomwelo, lili latsopano."

"Munthu uja ndi amene anandiputa. Anati Ambulera sidzatha zaka ziwiri. Mpaka lero ndikamadutsa amaliza lumo m'malere, khwepu khwepu, osanena kanthu. Mukufuna ndimupatse chisangalalo chimenecho?"

"Munati m'nyumba. Ndikhoza kumaisunga pakhonde pano."

"Khonde ndi nyumba."

"Mvula ikayamba mumati ndilowetse zovala m'nyumba."

"Chilichonse cha pansi pa denga langa ndi nyumba. Ndatseka nkhani." Bambo anaimirira n'kuyamba kuyendayenda pakati pa beseni ndi dengu. "Komanso foni yanuyo yakulakwirani chiyani? Inabedwapo?"

"Ayi. Ndinaiiwala m'basi kawiri, ndipo kawiri konse anandithamangira nayo."

"Mwaona? Chitetezo chimenecho."

"Wachiwiri uja atandipatsa anati, 'Pepani amayi, Mulungu akuonani.'"

"Nsanje. Nanga batire?"

"Ndimatchaja katatu patsiku."

"Chifukwa imagwira ntchito molimbika."

"Imatentha. Koma ndisanene zoipa zokha, m'nyengo yozizira imandifunditsa manja."

"Ndi zimenezo. Pitani mukafunse wa Gudumu ngati yake imafunditsa manja."

Mayi anabwerera kubeseni n'kuviika malaya awiri. Anawatikita pang'onopang'ono, ndipo polankhula sanayang'ane amuna awo.

"Ine sindidandaula, bambo a mwana. Munasankha, ndipo ndinasankha nanu. Anzanga a kwaya akamatumizirana nyimbo, ine ndimakopera pamanja, ndipo ndimaloweza msanga kuposa iwo. Koma m'mawa ndikamapemphera ndimapempha chimodzi, kuti ndimuone akuyasamula. Mwana akuti akamayasamula amatsinzina diso limodzi."

"Lakumanzere," anatero Bambo.

Manja a Mayi anaima m'madzi. "Mwadziwa bwanji?"

"Aa, ine. Ine ndimatsinzina lakumanzere. Ndi magazi."

"Inu mumatsinzina onse awiri."

"Ndikakhala ndekha ndimatsinzina limodzi." Bambo anayamba kutuluka thukuta. "Kwatentha lero. Cholembera chili kuti? Kalata iyi ipite Lolemba. Ndiwauza kuti tili awiri, ndipo tikhoza kufika atatu ngati achimwene anu angalandire ija ndinawapatsa."

"Anaibweza."

"Sanaimvetse."

"Asanaibweze ankaponderezera mapepala."

Bambo analowa m'nyumba, natuluka ndi cholembera ndi pepala. Chifukwa cha kutentha komanso ukali wa kalata imene inali kubwera, anavula jasi osaganiza n'kulipachika pachitsulo cha khonde. Anatsamira khoma n'kuyamba kulemba, akutchula mawu amodziamodzi. "Okondedwa akuluakulu a kampani. Ine, amene mwandiwerenga..."

Mayi anadzuka mwakachetechete, anatenga jasi lija n'kulinyamula pamwamba pa beseni.

Bambo anaponya cholembera. Anadumpha dengu n'kugwira dzanja limodzi la jasilo. "Musaviike."

"Ndi madzi oyera."

"Silinade."

"Likhoza kuima lokha."

"Ndichapa ndekha."

"Inu? Zaka makumi atatu ndi ziwiri simudziwa kumene sopo amakhala."

Ankakokana choncho, wina dzanja ili wina dzanja ilo, pamene jasilo linayamba kuimba. Inali nyimbo yofewa, yosalala, yosafanana n'komwe ndi kulira kwa Ambulera kumene kunkadzidzimutsa nkhunda padenga.

"Jasi lanu likulira," anatero Mayi.

"Ndi wailesi ya wometa."

"Wailesi ya wometa ili m'thumba lamkati." Mayi anapisa dzanja, natulutsa sokosi yakuda yolemera. Anaiyang'ana, n'kuyang'ananso inzake ija inali pansi. "Mulungu ndi wabwino. Yapezeka."

"Eya, yapezeka. Ndipatseni ndikaivale."

Koma Mayi anali atakhutula kale. M'dzanja mwawo munagwera foni yopyapyala, yonyezimira, ndipo kumbuyo kwake kunali kagudumu.

"Ya kasitomala," anatero Bambo msangamsanga.

"Mwaiveka sokosi yanu?"

"Kuopa fumbi. Ndimasamala katundu wa anthu."

"Anabwera nayo liti?"

"Chaka chatha."

"Simunamalize kukonza?"

"Ndikuiyesabe. Vuto lake ndi lobisika."

"Ikulira bwinobwino."

"Kulira inachira. Isiyeni, si ulemu kuyankha foni ya eni ake."

Mayi sanaiyankhe foniyo, koma anaitembenuza. Anaiika patali ndi maso monga ankachitira ndi buku la nyimbo.

"Nkhope iyi ndi ya mwana wathu."

"Anthu amafanana."

"Wavala juzi imene ndinaluka ine. Apa pakhosi ndi pamene ulusi unandithera n'kulumikiza wina."

"Ulusi umafanananso."

"Ndipo kasitomala wanuyu walemba kuti 'Mwana wanga.'"

Nyimbo ija inaleka. Pagalasi panabwera mawu, ndipo Mayi anawawerenga mokweza, pang'onopang'ono. "'Ababa, yankhani. Wadzuka.'"

Anakhala pachidebe chija. Anaika foni pamiyendo n'kupinda manja pamwamba pake.

"Bambo a mwana, pali mwamuna wina amene mwana wathu akumutchula ababa."

"Ayi, si choncho."

"Ndawerenga ndekha. Ine mwana uja ndinamubereka masana, ndili maso, ndipo pamaso pa Mulungu ndikudziwa bambo ake."

"Palibe akukukayikirani."

"Ndiye wina wamunamiza mwanayo. Ali kutali, wangobereka kumene, mutu sunakhazikike, ndipo munthu wapezerapo mwayi. Inu n'kumamukonzera foni, n'kuiveka sokosi." Mayi anavula epuloni. "Nsapato zanga zili kuti? Tiyeni kwa kasitomalayo."

"Sapezeka Loweruka."

"Tikamudikira mpaka Lolemba. Amakhala kuti?"

"Sanasiye adiresi."

"Ndikafunsa wometa. Amaona aliyense wolowa m'shopu mwanu."

Bambo anaima pakhomo la masitepe atatambasula manja. "Kwa wometa musapiteko."

"Ndiye ndiuzeni maonekedwe ake, ndikamufune ndekha."

"Ndi munthu wamkulu. Wamtali pang'ono."

"Ehe."

"Wandevu."

"Zotani?"

"Zotuwa pakati."

"Amavala chiyani?"

Bambo anayang'ana jasi lija, limene tsopano linali pansi, dzanja limodzi lili m'beseni. "Jasi la buluu."

"Ndiye mumsewu muno muli awiri a jasi la buluu? N'chifukwa chake mwana wasokonezeka."

"Mayi a mwana." Mawu a Bambo anatsika. "Ndine."

"Ndinu ndani?"

"Kasitomala."

Mayi anakhalanso pansi. Nsapato imodzi anali atavala, ina ili m'manja.

"Anthu onse amabwera ndi Gudumu," anatero Bambo, akulankhula ndi beseni. "Pa mafoni khumi obwera kudzakonzetsa, Ambulera palibe ndi imodzi yomwe. Ndinkawabweza anthu pakhomo. Ndinaona kuti shopu itsekedwa, ndiye ndinagula yakale kuti ndiphunzirirepo. Kuphunzira basi. Ndinkaigwira ndi zala ziwiri."

"Kenako?"

"Kenako mwana anabereka."

"Ndipo mwamuona."

"Ndamuona."

"Akuyasamula."

"Nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa kauntala. Ndimatseka chitseko n'kulemba kuti ndibwera posachedwa."

"Masiku onse?"

"Kupatula Lamulungu."

"Zikomo kuti Lamulungu mumapuma." Mayi anavula nsapato ija n'kuziika zonse ziwiri pambali, moyandikana. "Mwana akudziwa kuti ine sindidziwa?"

"Ndinamupempha andipatse nthawi ndipeze mawu. Wakhala akundikalipira. Anati ndikapanda kunena pofika lero, ayimba nthawi imene ndili m'mwamba muno. Ndimayesa akuseka."

"Sanatengere inu. Akanena amachita." Mayi anayang'ana jasi lija. "Ili mumalipachika kuti madzulo?"

"Kuchipinda."

"Chipinda ndi nyumba?"

Bambo anagwira ndevu zawo.

"Envulopu ija inalibe sitampa," anatero Mayi.

"Munaona?"

"Ndipo adiresi inali ya dzanja lanu. Ndinati mwina munakumana ndi wa positi panjira n'kumuthandiza kulemba. Ndinathokoza Mulungu, sindinafunse. Munasankha pepala labwino, lonyezimira. Munadula m'mbali mowongoka."

"Ndinadula katatu. Ziwiri zinapotoka."

Mayi anadzuka n'kupita pawaya. Anachotsa chopanira chimodzi pa ziwiri zija n'kuchiponya m'dengu momwe munali zinzake zonse. Chinatsala chimodzi, kumapeto kwenikweni kwa waya, chikugwedezeka.

"Ndiye a nyuzipepala sananame," anatero. "Mmodzi pa zana. Ndipo awerenga ine."

"Tengani iyo," anatero Bambo. "Ndi yanu kuyambira lero. Ine ndibwerera ku Ambulera."

"Ndikachoka ine kampani itsala ndi ndani?"

"Itsala ndi ine."

"Inu munachoka chaka chatha. Akuluakulu aja akamalota, amalota ine. Kalata ija mulembe kuti, 'Ine amene simunandiwerenge.'"

"Kalata ndaisiya."

"Inali yozama."

"Mayi a mwana, chonde."

Nyimbo yofewa ija inayambanso. Mayi anagwira foniyo ndi manja onse awiri.

"Ndidina pati?"

Bambo anawerama, ndipo chala chawo chinakoka kabwalo kobiriwira mofulumira, mozolowera. Mayi anachiona chalacho.

"Amayi?" anatero mwana wawo pagalasipo. "Ndinu? Aa, mpaka anena?"

"Sananene. Ndinkafuna sokosi."

Mwanayo anaseka mpaka chithunzi chinagwedezeka, kenako anatembenuza foni. Panaoneka kansalu koyera, kadzanja kofumbata, ndi kankhope kokwinyika ngati ka munthu amene wadzutsidwa nkhani isanathe. Kamwanako kanayang'ana uku ndi uko. Kanatsegula pakamwa pang'onopang'ono, n'kutsinzina diso lakumanzere.

Milomo ya Mayi inkayenda popanda mawu. Bambo anadziwa kuti si iwo akuuzidwa, ndipo anadikira mpaka itaima. Anatola jasi lawo, analiviika lonse m'beseni, n'kuyang'ana uku ndi uko kufuna sopo. Mayi, maso ali pagalasi, anamukankhira kwa iwo ndi phazi.

"Ndikhululukireni," ananong'ona Bambo.

Nthawi yomweyo kamwana kaja kanayamba kulira, kulira kumene Mayi ankakudziwa bwino.

"Mwati chiyani? Sindikumva, mwana akulira."

"Ndati ndikhululukireni."

"Mukulankhula ndi beseni. Ine ndili kuno."

Bambo anaimirira, manja akudontha thovu. Anasuzumira kumunsi. Khomo la wometa linali lotsegula, pansi penipeni pa khondelo, ndipo mashini aja anali atangoleka kulira. Anagwira ndevu zawo, anazisisita kamodzi kuchokera m'mwamba mpaka pansi, n'kusiya thovu pamenepo. Kenako anakweza mawu monga anawakwezera tsiku lija ataponda kireti.

"Mayi a mwana, ndikhululukireni. Foni ya Gudumu yagona m'nyumba mwanga chaka chathunthu, ndipo mdzukulu ndakhala ndikumuona ndekha. Pa anthu zana alionse wopusa amakhala mmodzi, ndipo pamenepo awerenga ine."